Mwana wa pachithunzi ayenera kulira

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa Kamasaya wathu. Nanga msana wa amayi uja ukuwapatsako mpata? Ine kuno ndili bwino.

Ntchito ikadali yomwe ija yojambula zithunzi za pa timapepala ta zaumoyo. Atisamutsira m'kachipinda ka pamwamba pa makina osindikizira, ndiye makinawo akayamba tebulo limanjenjemera. Ukati ujambule mphuno umapeza wajambula khutu.

Munandiuza pa foni kuti Kamasaya atalandira katemera woyamba anatentha thupi, ndipo alamu analamula kuti mwana wawo asadzapondenso kusikelo. Nkhaniyi yandikhala pamtima, chifukwa kuno ndaona kumene imathera.

Khomo loyandikana ndi langa kumakhala mayi wina wosoka zovala. Mwana wake wagonekedwa m'chipatala ndi chikuku, maso ali psuu, kupuma kwake kovutikira. Nditapita kukazonda, mayiyo anandiuza kuti anasiya za katemera mwanayo akadali wakhanda. Akuti pa chikwangwani cha pakhoma la chipatala mwana wobayidwa jakisoni akuseka ngati akumugirigisha, pamene wake analira tsiku lonse, thupi ngati moto. Ndiye anaganiza kuti wakeyo mankhwalawo sakumuyana, naleka kupita.

Achemwali, chikwangwanicho chinachokera mu ofesi yathu. Kuno kuli lamulo losalembedwa loti mwana wa papepala salira. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya kwambiri.

Ndajambula zithunzi zina zotsatana, mawu ochepa chabe. Poyamba mwana akulira pa jakisoni, kukamwa kuli yasa. Kenako ali kunyumba thupi latentha, mayi akumuyamwitsa, bambo akumupukuta ndi kansalu konyowa. Pomaliza kwacha, mwana akusewera ndi zala za kuphazi. Pambali ndaikapo makolo akuthamangira kuchipatala, kusonyeza chochita ngati kutenthako kukupitirira kapena mwana wakomoka.

Abwana ataziona anakwinya nkhope. Anati mwana wolira athawitsa makolo. Ine ndinawayankha kuti wosekayo wathawitsa kale mmodzi amene ndikumudziwa. Mukundidziwa pakamwa panga, sipachedwa. Ndinayamba kuganiza zolongedza mapensulo anga, koma pamapeto pake abwana anati ndikaziyese kwa anthu.

Kuyesa kwake timatere: umampatsa munthu pepala, osamufotokozera kalikonse, n'kumufunsa chimene akuona. Ndinakakhala pa benchi ya kusikelo pakati pa amayi. Ambiri anamva msanga. Wina anati tsopano wajambula ndi munthu woti anaberekapo, ine ndinangomwetulira osamuuza kuti ndilibe ngakhale chibwenzi. Wina anati kansalu kaja akukaona ngati bandeji, ndiye ndawonjezerapo beseni la madzi.

Vuto ndi loti pa benchipo panalibe bambo ndi mmodzi yemwe. Chonsecho m'nyumba zambiri woletsa kapena kuloleza ndi bambo. Abwana akuti popanda mawu a abambo zithunzizi sazisindikiza.

Ndiye pempho langa ndi ili. M'envelopu muno ndaikamo pepalalo. Muwapatse alamu pamene mtima wawo uli m'malo, atakhuta. Musawafotokozere, musakangane nawo, musatchulenso za Kamasaya. Mungowafunsa chimene akuona, ndipo mudzandiuze monga momwe anenere, ngakhale atanyoza. Akamva molakwika, cholakwa ndi cha pepala, osati chawo. Ndijambulanso n'kutumiza lina, ndipo ndidzatero mpaka tsiku limene adzanyamule mwanayo okha kupita naye. Alamu ndi ouma mutu, koma nanenso mukudziwa kuti ndinatengera bambo.

Sindikuwaweruza ayi. Munthu woona mwana wake akutentha thupi, popanda womuchenjeza kuti zimachitika ndipo zimatha, ayenera kuchita mantha. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makina a mayi wosoka uja ndinkadandaula nawo phokoso tsiku ndi tsiku. Sabata ino ali zii, ndipo ndikamadutsa pakhomo pake ndimachita mantha kugogoda.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamanyamule zolemera. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anu. Alamu muwapatse moni wanga wapadera, adziwe kuti sindinawakwiyire. Kamasaya mumuuze kuti amayi ake aang'ono akudikira kumva kuti walira kusikelo mwezi uno.

Ndine mng'ono wanu wosagonja,
Kapensulo