Galasi la ku Jeremani la amuna anga lachita chuku

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Marka kuno ku Nsanje, ndipo ndimajambula zithunzi. Ntchitoyi inali ya amuna anga, a Lorenso. Ine ndinkangowagwirira nsalu yakumbuyo ndi kuwongola makolala a ojambulidwa, koma pang'onopang'ono anandiphunzitsa kuika filimu ndi kugwira mpweya podina.

Kamera anabwera nayo kuchokera ku Beira, kumene anaphunzira ntchitoyi ali mnyamata. Chimene ankanyadira kwambiri ndi galasi lake lakutsogolo, lija amati lenzi. M'mphepete mwake munalembedwa kuti linapangidwa ku Jeremani. Ankalipukuta ndi kansalu kakekake, ndipo ana sankaloledwa ngakhale kulipumira. Ankakonda kundiuza kuti, "Make Esinala, kamera ndi bokosi chabe. Chimene chimaona ndi galasili, ndipo la ku Jeremani silinama."

Mu 1986, nkhondo itakula tsidya linalo, anawoloka malire kukatenga amayi awo ku Mutarara. Kamera anaisiya poopa kulandidwa m'njira. Anati abwera mapira asanache. Mapira anacha, tinakolola, tadzalanso ena, koma mpaka lero zii. Wina anati anawaona ku Sena atasenzetsedwa katundu, wina anati si iwo.

Ndinayamba kujambula ndekha kuti ana adye. Anthu amabwera ambiri, makamaka othawa nkhondo ofuna zithunzi zotumiza kwa abale amene anasiyana nawo pothawa. Filimu ndimaitumiza ku Blantyre kuti akatsuke. Koma kuyambira dzinja lapitali zithunzi zikubwera ngati anthuwo ndawajambulira mu utsi. Nditasuzumira m'galasimo ndinaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Otsuka zithunzi anandiuza kuti ndi chuku, chadya galasi, ndipo sichingachokenso.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wachikulire, a Jeremiya, atavala jekete lobwereka. Ankafuna chithunzi chokapereka ku Red Cross kuti mwina mwana wawo wamkazi angawapeze. Chitabwera anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mama, ine ndadzizindikira chifukwa cha jeketeli. Nanga mwana wanga andidziwa bwanji?" Sanakwiye. Anangothokoza m'chilankhulo chawo kuti takhuta, n'kumapita.

A Andrea, amene amapikula katundu ku Limbe, andibweretsera galasi lina. Dzina la kampani ndi lomwelo, koma lalembedwa kuti linapangidwa ku Japani. Iwo akuti palibe kusiyana. Mlamu wanga akuti za ku Japani ndi zotengera, ndipo achimwene ake sakadalola. Galasilo lili m'sutikesi, sindinalivomere, sindinalibwezenso. Ndikagwira lakale lija kuti ndilimasule, ndimangolisiyanso. Analimanga pamenepo ndi amuna angawo. Akadzabwera n'kupeza lina ndidzati chiyani? Ndimaona ngati kulichotsa ndi kuvomera kuti sadzabweranso.

Aphungu, kodi dziko limene galasi lapangidwa lili ndi kanthu? Ndithandizeni.

J.L., Marka, Nsanje

Mayi J.L.,

Mwafunsa funso limodzi koma ine ndamva awiri. Tiyambe ndi lophwekalo.

Kalata yanu ndinapita nayo kwa wojambula wathu kuno ku nyuzi, amene imvi zamumera ali ndi kamera m'khosi. Akuti makampani ena a ku Ulaya masiku ano amakapangitsa magalasi awo ku Japani ndi kwina, potsata miyeso yomweyo, ndipo amawayesa asanalembepo dzina lawo. Iyenso lake ndi la ku Japani, ndipo zithunzi zimene mumaona m'nyuzi muno zimadutsa m'menemo. Amuna anu sananame, galasi lawo linali labwino. Koma ubwinowo unali m'kapangidwe kake, osati m'zilembo za m'mphepetezo. Dziko lililonse limapanga abwino ndi achabe omwe. Lero la ku Jeremani lachuku silingapose la ku Japani loyera.

Komabe musangomvera a Andrea, mlamu wanu, ngakhale ine. Liyeseni nokha. Lilozetseni ku khoma loyera, osati kudzuwa, muone ngati mkati mulibe timizere kapena zokalika. Zungulizani mphete zake mumve ngati zikuyenda bwino, ndipo muonetsetse kuti likukhala mothina pa kamera popanda kukakamiza. Mukatero pemphani a Andrea akuloleni kuliyesa pa filimu imodzi musanamange malonda. Jambulani munthu mmodzi, pamalo amodzi, ndi magalasi onse awiri. Zithunzi zikabwera muwapatse mlamu wanuyo asankhe chabwino, osawauza kuti ichi ndi cha galasi liti. Munthu woti mumujambule mukumudziwa kale: afunefuneni a Jeremiya, ndipo musawalipiritsenso.

Chinyezi cha kuchigwa kwanuko ndicho chimabala chuku. Latsopanolo muzilisunga m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi mpunga wouma womangidwa m'kansalu, ndipo lizikhala kutali ndi lakalelo, chifukwa chuku chimafala.

Tsopano funso lachiwiri lija. Mayi, kumasula galasi si kulengeza maliro. Munthu amene ankadana ndi galasi lonama sangakondwere kumva kuti kamera yake ikutulutsa nkhope zosazindikirika. Lakalelo musalitaye. Likulungeni m'kansalu kawo kaja, akadzabwera mudzawapatse m'manja pamodzi ndi ana amene mwawalera ndi ntchito imene anakuphunzitsani.

Sindikulonjezani kuti abwera, chifukwa sindikudziwa, ndipo amene angakuuzeni kuti akudziwa akukunamizani. Koma ndaona chinthu chimodzi. Mwajambula anthu ambiri opita ku Red Cross, koma kalata yanu sikunena kuti inuyo munakalembetsako dzina la amuna anu. Ngati simunatero, pitani sabata ino. Mutenge chithunzi chawo ngati chilipo, ndi china cha inu ndi ana, wina akudinireni ndi galasi latsopanolo. Ana akula. Bambo awo akachiona ayenera kuwaona bwinobwino.

Chenjezo langa ndi ili. Muli pamalire ndipo nthawi ndi yovuta, choncho kamera isaloze asilikali, apolisi, njanji kapena mlatho, ndipo pakati pa othawa nkhondo muziyamba mwapempha chilolezo kwa oyang'anira. Koposa zonse, mukadzamvanso mphekesera kuti awaona ku Sena, mukaiuze a Red Cross, musadzawoloke nokha. Ana anu akudikira kale kholo limodzi. Asadikire awiri.

Aphungu