Bandeji ya 1952

Lolemba, 6 Okutobala

Labweranso lina. Bwana akalitenga kumsika wa ku Ras Al Khor, alowa nalo atalifungatira ngati khanda. Akwana 44 tsopano, mabokosi achitsulo a mankhwala aja ankayenda nawo m'sitima zapamtunda kalekale. Ali ndi chipinda chawochawo, AC osazima. Changa ine chili kuseri kwa makina ochapira. Mabokosiwo madamu amawatcha zinyalala, koma chapansipansi.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Madzulo onse bwana ali ndi galasi lokuzira zinthu, kufufuza kuti latsopanoli n'la njanji ya dziko liti. Ati amadziwira penti, chogwirira ndi chidindo chapansi. Ndinati ndilikweche ndi sitiliwulo liwale. Anatsala pang'ono kukomoka. "Prisca, dzimbirilo ndiye ulemu wake!" Ku Balaka bambo anga ankasungira misomali m'bokosi lotereli.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kontirakiti ikutha mwezi uno. Ndafunsa madamu, angoti inshallah, Mulungu akalola. Inshallah wa m'nyumba muno ndimamudziwa. Ndikuopa, kunena zoona. Mwana wanga Jacqueline ali Fomu 3, si nthawi yobwerera kumudzi ino.

Loweruka, 11 Okutobala



Madamu anali atachoka. Bwana amatsegula katoni ndi mpeni, mpeni n'kuterereka, chikhatho n'kung'ambika. Magazi pamatailosi ponse. Ndathamangira kubafa, pulasitala olo mmodzi. Nyumba ya mabokosi 44 imeneyi.

Ndagwira bokosi lomwe linali pafupi, la 1952. Mkati bandeji ikadali m'pepala lake lomata. Munthu magazi akuchucha mpaka m'chigongono, koma mphamvu zokuwira zilipo: "Osati imeneyo! Sinatsegulidwepo!" Ndang'amba pepalalo ndi mano, ndawamanga, ndaitana takisi.

Kuchipatala awasoka. Dokotala wati amene wamangayu wachita bwino. Bwana sanandiyang'ane n'komwe, angofunsa dokotala ngati angawabwezere bandejiyo.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Sutikesi ndalongedza theka. Bwana akhala m'chipinda muja tsiku lonse ngati anamfedwa, kapepala kong'ambika kaja kali m'dzanja labwinolo.

Lolemba, 13 Okutobala

Madamu andiitanira kukhitchini, atseka chitseko. Mumtima ndinati basi, Balaka uyo. Atulutsa mapepala ndi peni.

"Khalas, nkhani yatha, zaka ziwiri zina. Sayina apa."

Ndasayina, dzina langa lomwe kundivuta kulemba. Kenako aponya kiyi wa chipinda cha mabokosi m'thumba la epuloni yanga, maso ali kuchitseko.

"Mawa bwana ali ku Abu Dhabi tsiku lonse. M'chipinda muja mwada kwambiri. Sitiliwulo ndagula paketi yathunthu, ili pansi pa sinki."

Kiyiyo ali pano pabedi. La 1952 lija ndinathana nalo kale. Atsala 43.