Khutu langa lamanzere

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana wa mayi uli bwanji? Ndinamva kuti asiya mankhwala ati akuwalemetsa mutu. Muziwayang'anira, mukuwadziwa mmene amachitira akatsimikiza chinthu. Ine kuno ndili bwino, kupatula kanthu kamodzi kamene ndikuuzeni ndikamaliza zinazi.

Ntchito ya masana ikadali yomwe ija ya m'sitolo ya penti. Ndimasakaniza mitundu, makasitomala n'kumakana kuti si umene anasankha, ine n'kusakanizanso. Chipinda chija ndinasamukamo. Mayi woyandikana nane ankagogoda khoma ndi chidendene cha nsapato ndikangoyatsa nyimbo, ndipo sindimuda, ali ndi khanda. Kumene ndili pano zenera silitsekeka bwino, koma kuseri kwa khoma kuli galaja, palibe wodandaula.

Munandifunsa za mphekesera yomwe msuweni wathu anabwera nayo, yoti ndayamba kuimba m'mabala. Sindiimba ayi, mawu anga mukuwadziwa. Ndine dijeyi, woika nyimbo kuti anthu avine. Ndiponso si m'bala. Ndi chipinda chapansi pa nyumba ina, mmene kale ankasungiramo matayala, ndipo fungo la mphira silinachokebe. Timachitenga Loweruka limodzi pamwezi. Nyimbo zake ndi zopangidwa pakompyuta, zambiri zopanda woimba, ng'oma zokhazokha ndi timaphokoso tina timene inu mukanati wailesi yawonongeka. Amabwera ana asukulu zaukachenjede, anamwino, telala wina wa imvi amene amavina atatsinzina, ndi ena amene m'malo ovinira odziwika aja samasukamo. Wina akapempha nyimbo ya pawailesi timamuuza mwaulemu kuti tilibe, ngakhale tili nayo.

Amene anandiphunzitsa ndi bambo wina wokonza ma amplifaya, makina okweza mawu, aliyense amangomutchula kuti Mawaya. Amabwereketsa masipika m'maukwati, ndipo amati nyimbo za paukwati zinamukwana ngati mankhwala a malungo. Ndinkapita kushopu kwake ndikaweruka, n'kuima pakati pa mawailesi akufa. Ntchito yonse yagona pa kulumikiza nyimbo ziwiri kuti ng'oma zake zigwere pamodzi, ovina asadziwe pamene ina yathera. Khutu limodzi limamvera nyimbo ikubwerayo pahedifoni, linalo limamvera imene ikulira m'chipinda. Miyezi yoyamba ng'oma zanga zinkagundana ngati mapoto akugwa pashelefu. Mawaya sayamikira munthu. Ndikalakwitsa ankatsokomola, ndikakhoza ankangopitiriza kuwotcherera mawaya ake. Tsiku limene ndinamaliza osamva chifuwa chake ndinadziwa kuti ndaphunzira.

Musaganize kuti ndi ulemerero. Masipika timanyamula tokha potsika masitepe, zikwangwani ndimamata ndine, kusesa ndine, kukangana ndi mwini nyumba za chimbudzi chosatuluka madzi ndinenso. Walira mvula walira matope.

Tsopano kanthu kaja. Miyezi yapitayi ndinaona kuti anthu ayamba kuvinira kutali, cha kukhomo, kutsogolo kwanga n'kutsala bwalo. Ndinaganiza kuti atopa ndi nyimbo zanga, ndinasintha. Sizinathandize. Kenaka mnzanga amene amakhala pakhomo anandiuza kuti anthu potuluka akumadandaula kuti nyimbo zikulasa m'makutu. Ine ndinamuyankha kuti anthu ena amabadwa odandaula.

Loweruka lina masana tikuyesa zida m'chipinda chopanda anthu, Mawaya anaima pambali panga n'kumayang'ana manja anga. Pamakina osakanizira nyimbo pali kabatani kopotokola kamene kamakweza mawu opyapyala, aja a tsiki-tsiki. Kanga kanali katapotokoledwa mpaka kumapeto. Anakabwezera pakati, n'kundifunsa kuti zikumveka bwanji. Ndinati ngati masipika awafunditsa bulangete. Iye anati pamenepo ndiye pamalo pake, ndipo munthu wina aliyense akumva bwinobwino. Ndiye anandiuza kuti nditseke khutu lamanja ndi chala, n'kutulutsa makiyi ake, n'kuwagwedeza cha kumanzere kwanga. Makiyiwo ndinangowaona akugwedezeka, osawamva. Mawaya anawabwezera m'thumba n'kupita kukamangirira chingwe cha sipika.

Kunena zoona, khutu limeneli linayamba kalekale kulira. Poyamba linkalira tsiku lotsatira dansi lokha, pofika Lolemba n'kusiya. Pano silisiya. Ndi kaphokoso kowonda, kosakwera kosatsika. Masana kusitolo ndimakaiwala, ndikakhala ndekha m'chipinda kamabwera.

Ndinapita kuchipatala cha makutu. Anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka, n'kundiveka mahedifoni, n'kundipatsa batani loti ndizidina ndikamva kulira. Panali nthawi zina zazitali zimene ndinangokhala batani lili m'manja, ndikuona namwino kuseri kwa galasi akulemba. Adokotala, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, anati lamanzere lataya mawu opyapyala ndipo lamanja layambapo pang'ono. Anati zotayikazo sizibwerera. Anafunsa ngati kwathu kuli wogontha. Ndinatchula bambo, n'kufotokoza kuti anagwira zaka zambiri pamakina ochekera matabwa. Anafunsanso ngati alipo wina amene sanagwirepo pamakina. Apo ndinakumbukira kuti azakhali ankati agogo aamuna nawonso ankafunika kuwakuwira, chikhalirecho moyo wawo wonse anali wosoka nsapato. Mayi amatsutsa, amati agogowo ankangosankha zoti amve.

Adokotalawo anati ngati vuto ndi phokoso lokha, ndikhoza kupitiriza nditavala totsekera m'makutu ndi kutsitsa nyimbo, mwina zotsalazo n'kusungika. Koma ngati zili m'magazi, phokosolo likungokankha chinthu chimene chili kale pamtsetse, ndipo nzeru ndi kusiyiratu.

Sabata yomweyo mwini nyumba anatiitana. Ati anthu athu saswa mabotolo, samenyana, ndiye akufuna tizitenga chipindacho Loweruka lililonse. Chimenechi ndi chomwe ine ndi Mawaya takhala tikupempha chiyambire. Mawaya anamuuza kuti yankho lichokera kwa ine, ndipo bamboyo akudikira mpaka mwezi uno utatha, apo ayi apatsa ena ofuna kuikamo matebulo a pulu. Padakali pano Mawaya wadontheza penti wofiira pamakina, pamene kabatani kaja kayenera kulekezera. Dansi yapitayi ndinatsata kadonthoko m'malo motsata khutu langa. Anthu anabwerera kutsogolo, anavina mpaka thukuta kudontha, ine ndikumva za m'bulangete zomwe zija.

Sindikubisirani, ndikuopa. Chibwerereni kuno, chinthu chokha chimene ndinganene kuti ndinachiyambitsa ndi manja anga ndi chipinda chimenechi. Koma ndikudziwanso mmene bambo amakhalira pakati pa anthu akucheza, kumangoseka ena akaseka.

Pempho langa ndi limodzi. Mupeze nthawi mayi kulibe, mukhale pansi ndi bambo, muwafunse za makutu awo. Musawakuwire, anthu a nyumba yoyandikana angamve. Alembereni papepala, magalasi awo amakhala pawindo. Afunseni ngati zinayamba asanalowe ntchito ya matabwa kapena atalowa kale, ndiponso ngati agogo analidi osamva bwino. Yankho limenelo ndi la adokotala ndi mwini nyumba. Funso langa ine ndi ili: muwafunse ngati nawonso m'makutu munkalira, ndipo ngati munkalira, kodi kulirako kunasiya atagontha kapena mpaka lero akukumvabe. Zimene anene mundilembere monga momwe anenera, musazikometse.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa azakhali mukawaona. Msuweni mumuuze kuti nkhani akamaitenga aziitenga yonse. Bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga. Mayi muwapatse moni, koma za kalatayi musawauze kaye. Akadandaula kuti masiku ano pafoni ndimangowapempha kuti abwereze, muziti ndi netiweki. Inenso ndi zomwe ndakhala ndikuwauza.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba