Gitala Ili pa Chikuto, Mwini Wake Ali Pakhonde

Kawale, Lilongwe

Mwana wanga Aminah,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Ife kuno tadzuka.

Anzanga a Latif ndi a Medson, amene ndinaimba nawo nyimbo za roko zaka makumi atatu, atulutsa chimbale chatsopano. Tachimva pa wailesi. Muli rege, muli nyimbo zauzimu, ng'oma zake za pakompyuta ngati zosokosa m'minibasi. Akuti dziko lasintha.

Mwezi wa Juni a Latif anabwera kudzabwereka gitala yanga yofiira ija. Ine ndinasititsa jekete, kuyesa tikupita ku situdiyo. Iwo amvekere, "Achimwene, khalani pansi, tikungofuna kukaijambula ya pachikuto." Mpaka lero sanaibweze.

Akuuza anthu kuti manja anga akunjenjemera. Limenelo ndi bodza. Kapu imene ndinagwetsa pamaso pawo inangoterereka, ndipo adokotala ndiwo amangokonda kukulitsa nkhani. Kalatayi akundilembera a Dailesi a nyumba yoyandikana nafe chifukwa zolemba zawo zimaoneka bwino, basi.

Usatumize chilichonse, sindikusowa kanthu. Koma ukapeza tchuthi, usadikire Disembala.

Ndine bambo ako,
Mwamadi