Mphete ya Amayi

Bergen,
9 Malichi 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukusautsani. Ndamva kuti nsomba zabwera zambiri ku Senja chaka chino, koma chonde musakwere boti la a Oddvar, msinkhu wanu si wokokanso ukonde. Ndikadaimba foni, koma inu pafoni mumangoti "eya, eya" musakumva kanthu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse. Ine kuno sindili bwino, Bambo.

Mukumukumbukira Gunnhild, mnzanga wamtali uja anabwera kumaliro a Amayi n'kutsuka mbale zonse? Pa 24 mwezi uno akukaima pamaso pa mapulofesa kuteteza kafukufuku wake wa zaka zinayi, ndipo miyala imene wakhala akuifufuza ndinaipera ndine. Ndi ija tinakaikokolola ndi sitima kumpoto kwa chilumba cha Jan Mayen, pamzere umene pansi pa nyanja pakung'ambika pang'onopang'ono, moti chikhadabo chanu chimakula msanga kuposa pamenepo. Malo otero chiphalaphala chimachepa, ndiye miyala ya m'kati mwa dziko, yomwe kwina konse ili yokwiririka makilomita ambiri, imatulukira poyera. Munaiseka pachithunzi paja, munati anthu ophunzira atha masabata asanu panyanja kukavuula sopo wobiriwira.

Ntchito yanga ndi kuidula, kuipala mbali zonse pachimbale chokhakhala kuti zipsera za sowo zichoke, kenako kuipera ikhale ufa. Mu ufamo Gunnhild amayezamo pulatinamu, chitsulo chodula chija amapangira mphete, ndipo amakhalamo wochepetsetsa, ngati kanjere kamodzi ka mchere m'thumba la ufa. N'chifukwa chake pakhomo la labu pali kambale koikamo mphete, mawotchi ndi ndolo. Pulofesa Eilif amakonda kuima pamenepo m'mawa, kapu ya khofi ili m'manja, n'kumati, "Tionetseni zala, akuba inu! Ukwati muusiye m'mbalemo, muutenga poweruka."

Zaka khumi ndi ziwiri sindinaphwanyepo lamuloli. Koma titaika maliro munandipatsa mphete ya Amayi, ndipo Lolemba lotsatira nditafika pakambale paja ndinalephera kuivula. Kuisiya pakati pa makiyi ndi mawotchi a anthu ndinaona ngati ndikuwasiyanso okha kachiwiri. A Eilif kunalibe tsikulo, ndinangovala magolovesi pamwamba pake n'kulowa. Inali sabata imodzi yokha. Sabata imeneyo ndinapala miyala isanu ndi umodzi, ndipo magolovesi anabooka kangapo monga achitira nthawi zonse.

Patapita miyezi itatu Gunnhild anandithamangira pepala lili m'manja, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Iwe Torunn, taona izi! Pulatinamu kuchuluka kakhumi! Miyala isanu ndi umodzi, yonse ya phiri limodzi la pansi pa nyanja!"

"Makina ako aledzera," ndinatero ine.

"Ndawayeza kawiri. Asidi ndayeza, madzi ndayeza. Kwako kuno palibe chachilendo chinachitika popera?"

Ndinati palibe. Ndikulumbira, Bambo, sindinali kunama, za mphete sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Pa miyala imeneyo wamangapo mutu waukulu wa buku lake, wakuti m'kati mwa dziko pamalo pamenepo muli chigawo chosiyana ndi kwina konse. Chifukwa cha zomwezo amuitana kukagwira ntchito ku France, nyumba yake kuno waitsanzika kale.

Lamlungu lapitali ndinatulutsa mphete m'kabokosi kuti ndiipukute, ndikavale patsiku lake. Nditaiyang'ana pawindo ndinaona kuti kunsi kwake kwaphwatalala, ndipo kuli timizere tolowera mbali imodzi. Timizere timeneto ndimatidziwa, ndimatipanga pamiyala tsiku ndi tsiku. Ndinazindikira kuti mphete inapalika pachimbale pamodzi ndi miyala ya Gunnhild, ndinangokhala pansi m'khitchini momwemo.

Lolemba Gunnhild anabwera ndi makeke a mawafulo ndi tchizi chofiirira, n'kundionetsa tsamba la zothokoza. Walembapo kuti, "Kwa Torunn, amene manja ake ndimawakhulupirira kuposa makina."

"Bwanji, sukuseka?" anandifunsa. "Nkhopeyo ngati wadya nsomba yoola. Kapena umafuna ndilembe kuti ndiwe wokongola?"

"Mutu ukundipweteka," ndinatero.

"Imwa mankhwala, agogo. Ukadwala pa 24 ndidzakunyamula pamsana."

Limenelo ndiye linali bodza langa loyamba.

Mwala uliwonse tinasungako kachidutswa ngati dzira la nkhuku, koma kupera ndi kuyezanso kungatenge miyezi iwiri. Ndikalankhula, tsiku lake lilephereka, mutu wa buku uja ugwa, za ku France sindikudziwa. Ine ntchito inditheranso, sindikudandaula kwambiri, koma adzandiyang'ana bwanji munthu amene anandigwira dzanja pamanda a Amayi? Ndikakhala chete, wina adzapitanso kuphiri limenelo zaka zikubwerazi, adzayeza, sadzapeza kanthu, ndipo dzina lomwe lidzanyozeke lidzakhala lake, osati la wopera miyala.

Chatsala n'chimodzi, ndipo n'chimene ndakulemberani. Chidindo cha m'kati mwa mphete chinafufutika kalekale. Inu mwakhala mukunena kuti ndi ya pulatinamu, munakaigula ku Tromsø chaka chomwe munawafunsira Amayi. Koma Azakhali a Borghild, Khirisimasi iliyonse akalawa pang'ono, ankati, "Pulatinamu? Arnfinn? Mlongo wangayu ankasoka masokosi ndi ulusi wa ukonde!" Inu munkangoseka, Amayi n'kubisa dzanja pansi pa tebulo. Ngati ndi ya siliva, Bambo, ndiye kuti sinaike pulatinamu m'miyalamo, ndipo zomwe wapeza Gunnhild n'zoona.

Ndikudziwa zomwe munene. Makina oyezera zitsulo ali m'chipinda chachiwiri kuchokera pa changa, mphindi zisanu zokha akhoza kundiuza. Kawiri ndafika nayo pakhomo pake n'kubwerera. Ndine wamantha, ndavomera. Ngati yankho lili loipa ndikufuna ndilimve kwa inu, osati kwa makina.

Mukangowerenga kalatayi pitani kwa a Oddvar, muwapemphe anditumizire uthenga pafoni, liwu limodzi lokha basi. Musandikometsere chifukwa chondimvera chisoni. Likakhala lomwe ndikuliopa, ndidzavala jekete n'kupita kwa Gunnhild tsiku lomwelo, zimenezo ndakulonjezani.

Mupereke moni kwa Azakhali, koma kalatayi asaione. Muzimwa mapiritsi anu, ndipo mukapita kumanda Lamlungu muwauze Amayi kuti sindikuwaimba mlandu. Kuyambira ndili kamwana ndakhala ndikudzitama kwa anzanga kuti bambo anga sanama. Lero ndikupemphera kuti munanamapo kamodzi, ndipo ngati munatero, ine ndakukhululukirani kale m'malo mwawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Torunn