Madontho a Bambo

Lachitatu, pa 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Musanapite patali ndi kalatayi khalani kaye pansi. Bambo anagwa Loweruka ndipo anagonekedwa m'chipatala. Ali moyo, atuluka, akuyenda okha, kungoti mkono wamanzere ukadali wolemera. Pa foni ndinakuuzani kuti ndi kutopa chabe chifukwa Amayi anali pambali panga akundiyang'ana ndi diso lawo lija. Sikunali kutopa ayi. Chinawagwetsa ndi matimati aja tinkawaombera m'manja tonsefe.

Mukukumbukira mmene Bambo analili atangopuma pantchito yawo ya kumadzi. Munthu amene moyo wake wonse ankayeza mankhwala othira m'matanki kuti tauni yonse imwe madzi abwino anasanduka mlonda wa pakhonde, kumangokhala ndwii, ndevu osameta. Ndiye mnzawo wina wakuntchito atawapatsa timabotolo ta mankhwala aja amati homiyopati, n'kuwauza kuti amathandizanso mbewu, tonse tinapumira m'mwamba kuti apeza chochita.

Inu munkangoona zithunzi, ntchito yake simunaione. Bambo ankathira dontho limodzi m'botolo la madzi, n'kumenyetsa botololo pa dikishonale yakale ija mpaka thukuta kamukamu. Kenako ankataya madziwo kusiya dontho limodzi, kudzazanso, kumenyetsanso. Ankati mankhwalawa akamachepa m'pamene mphamvu yake imakula. Ine ndinawaseka kuti ndiye supuni imodzi ya shuga itikwanira mpaka zidzukulu, iwo anati, “Iwe kusukulu unkangoperekeza anzako.”

Anabzala mizere iwiri ya matimati kuseri kwa nyumba, wina wothirira madzi wamba, wina wothirira madontho awo. Wa madzi wamba unanyozoloka, masamba achikasu. Wa madontho unakula mochititsa mantha, matimati ake ngati zibakera. Aneba ankasuzumira pampanda, ena kubwera ndi mabotolo kudzapempha. Bambo anayamba kumeta, kusita malaya, kuimba mluzu posamba. Inunso munatumiza uthenga woti bambo athu ndi asayansi, ndipo anauwerengera aliyense wolowa pageti. Sindikukuimbani mlandu, amene ankajambula zithunzizo ndine.

Tsono kuchipatala, atatsitsimuka, namwino anawafunsa kuti, “Agogo, mapiritsi anu a kuthamanga kwa magazi mumamwa?”

Amayi anayankha msanga. “Amamwa m'mawa uliwonse. Ndimawaona ndi kapu yawo ine.”

Bambo, lilime lili lolemera choncho, anamwetulira monyadira. “Ndimamwa, mwana wanga, koma mwanzeru. Piritsi limodzi ndinalisungunula kalekale, mpaka pano ndikumwabe lomwelo. Dontho limodzi basi.”

Namwinoyo anangoti kukamwa yasa, cholembera chili m'malere. Miyezi yonseyi ine ndakhala ndikuima pamzere kukawatengera mapiritsi, osadziwa kuti akungowaunjika m'dirowa. Nditapita kunyumba kukatenga bulangeti ndinawapeza momwemo, mapaketi osatsegula n'komwe, atawasanja bwinobwino pansi pa masokosi.

Ndinkaganiza kuti kugwako kwawaphunzitsa. Ndinadzinamiza. Tsiku lotsatira dokotala anawalangiza mwaulemu, iwo akugwedeza mutu ngati akumva. Dokotala atangotuluka anatikodola kuti tiyandikire, n'kunong'ona kuti, “Awa sadziwa. Cholakwika n'choti ndinasungunula pang'ono. Ndikatuluka ndikawonjezera madzi. Matimati sanama.”

Apo mpamene ndinaona Amayi akutuwa nkhope. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anawagwira Bambo dzanja lodwalalo, n'kunena kuti, “Abambo, matimati aja ananama. Ndinawanamitsa ndine.”

Ine ndinaganiza kuti Amayi mutu wasokonekera ndi kusagona. Koma anafotokoza zonse, mawu akutuluka movutikira. Akuti poyamba mizere iwiri ija inkafota mofanana, ndipo anaona Bambo ayambanso kukhala pakhonde paja. Ndiye anayamba kuviika zitosi za nkhuku m'ndowa kuseri kwa khola, kusefa ndi kansalu kuti pasaoneke kanthu, n'kumathira mumzere wa madontho masana Bambo akagona. Amayi athu omwewa, amene sangabise ngakhale kuti aswa kapu!

“Mzere wonse?” Bambo anafunsa.

“Wonse.”

“Kuyambira liti?”

“Kuyambira pachiyambi. Ndinkangofuna muzimeta ndevu, abambo. Ndinkafuna muziseka. Za mapiritsizi sindinadziwe, Mulungu ndi mboni.”

Bambo anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anaitana namwino, anapempha piritsi, n'kulimeza louma. Madzi anakana.

Chitulukireni mapiritsi akumwa, ndimawaona ndi maso angawa mpaka atameza. Timabotolo tija anakataya okha kudzala. Koma nyumba ino yazizira, Achemwali. Akafuna kanthu amauza ine, Amayi ali pomwepo: “Uwauze amayi ako malaya anga ali kuti.” Kuseri kwa nyumba sapondako. Matimati apsa, akugwa okha, Amayi akuchita manyazi kuwathyola, ndipo mneba akabwera ndi botolo lake ndimathamangira kugeti kukamubweza Bambo asanamuone. Ine ndasowa woti ndimukwiyire. Ndikayang'ana Amayi ndimaona munthu amene anatsala pang'ono kupha mwamuna wake chifukwa chomukonda, ndipo amenenso anamupulumutsa podziyalutsa yekha. Ndikayang'ana Bambo chifundo chimandigwira.

Pempho langa ndi ili. Pemphani tchuthi mubwere, ngakhale masiku ochepa. Inu ndinu oyamba kubadwa, mawu anu amalemera, ine amandionabe ngati kamwana. Mukamaimba foni musanabwere, chonde Bambo musawakalipire monga mwa chizolowezi chanu, ndipo musawafunse za thupi. Afunseni kanthu kamene akudziwa. Munkadandaula kuti madzi a kwanuko akutuluka ofiira pampopi, afunseni zimenezo, ndipo akayamba kufotokoza musawadule ngakhale atalikitse. Pobwera munditengereko kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi kaja munanena, ka kuno kanafa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo akupeza bwino, zinazi si za ana. Amayi akuti moni wambiri. Akuti ndikuuzeni kuti mukafuna kuwakalipira muwakalipire, sayankha. Bambo ndinawapeza pakhonde n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Anati, “Uwauze asadere nkhawa. Chitsiru cha m'nyumba muno chikumwa mankhwala.”

Amayi anamva ali kukhitchini. Ndinamva mpopi atautsegula kwambiri, koma sunabise kulira kwawo. Bwerani, Achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime