Filimu ya pa Maliro a Atiah

Kumasi

Ayamga mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa mlamu. Bondo lija likukulola kupita kumunda? Ine kuno ndili momwemo. Ng'ala yatseka diso lamanzere, lamanja likutsatira, ndipo adokotala angonena kuti ndidikire. Atampoka mwana wanga amandisamala, ndiye akundilembera kalatayi, koma mzinda uno ndi waphokoso ndipo mowa wawo wa mapira ndi madzi enieni.

Ndamva kuti mutsiriza maliro a Atiah mukakolola. Ine sindifika. Ukudziwa kuti ine ndi iye tinakalambira pa kanema wa pabwalo ku Bolgatanga, iye akuzunguza makina, ine ndili pambali pa nsalu kumasulira anthu m'Chifrafra zimene azungu akunena. Ukudziwanso zimene anapempha, kuti ng'oma zikatha anthu aonere filimu ya akauboyi. Tsono Atampoka akuti ntchito yosankha mwaipereka kwa Nsoh mwana wako, ine osandifunsa. Mwandiika m'manda limodzi ndi mnzangayo?

Nsoh anandiimbira. Akuti mafilimu akale aja ndi a ana, wapeza yatsopano imene inapatsidwa mphoto kunja. Atampoka anandiikira pa wailesi ya kanema ndipo ndinamvera yonse. Munthu wamkulu, mfuti ili m'chiuno, amangokhala pakhonde kudandaula za bambo ake. Hatchi imamveka kawiri. Pomaliza amuwombera kumsana, nkufera m'matope akulira. Ndinamufunsa Nsoh ngati mphotoyo inali ya kulira, iye nkuseka, akuti atate aakulu mwatsalira.

Zinthu zinayamba kuwola kale, pamene anabwera mafilimu a akauboyi a ku Italy aja, anthu osasamba, ndevu zili nyankhalala, kuyang'anizana mpaka ogulitsa mtedza kumaliza dengu. Komabe amenewo ankawombera, ndipo anthu ankafuula nawo nkhonya iliyonse ikagwa. Atiah ankawapirira chabe. Ake anali oyamba aja: wabwino chipewa choyera, woipa chakuda, moti ngakhale gogo wakumbuyo ankadziwa woti amutukwane. Za lerozi ungamasulire chiyani? Munthu akuusa moyo?

Pempho langa ndi limodzi. Pita kwa akazi a malemu, akupatse filimu ija ya munthu wa hatchi yamawangamawanga amene amalondera chitsime cha mayi wamasiye. Ikasowa, tenga ya oweta ng'ombe owoloka mtsinje wodzaza. M'mafilimu onsewa mwini filimu amachoka ali moyo, ali pamsana pa hatchi, anthu akumuyang'ana mpaka atazimiririka. Atiah achoke choncho. Musamugonekenso m'matope pamaso pa akazi ake ndi ana.

Nsoh akuti ngakhale mutaipeza palibe amene angamasulire, achinyamata sadziwa ntchitoyo. Apo wanena zoona, koyamba. Umuuze kuti foni yake yodulayo aiike pa mkuzamawu, andiimbire filimu ikamayamba, ndidzamasulire ndine. Asade nkhawa za maso anga. Ndikangomva ziboda ndidziwa pamene tafika.

Undiperekere moni kwa mlamu, kwa azakhali Apoka, kwa akazi a malemu, ndi kwa Nsoh ngati angaleke kuseka.

Ndine mkulu wako, amene sanafe,
Akolgo